Sensei Nyagawa ndi Maswichi Ake

Ku Makambako kuno munthu aliyense wandevu anazimitsidwapo ndi malemu Sensei Nyagawa. Ndikati aliyense ndikutanthauza aliyense: onyamula madengu a tomato kumsika, makondakitala a mabasi a ku Songea, aphunzitsi, ometa, ngakhale akatekisiti athu ndi bondo lawo lovuta lija. Mkuluyo ankati thupi la munthu ndi nyumba ya magetsi, lili ndi maswichi zana limodzi kudza asanu ndi atatu, ndipo m'chigawo chonse chino wodziwa pomwe ali anali iwo okha. Akakukhudza ndi chala kunsi kwa khutu kapena pakati pa nthiti, iwe unkayenera kuthima. Ndipo anthu ankathimadi. Bambo wamkulu ndithu, wa ana asanu ndi mmodzi, khu pafumbi, maso atatsinzina, kudikira kuti amuyatse.

Za magetsizo sankangobwebweta ayi. Anagwira ntchito ya mawaya kusiteshoni ya sitima zaka makumi atatu, ndipo ntchitoyo ankaidziwa. Karate nayonso ankaidziwa, tisawanamizire akufa. Ali mnyamata ankathyola njerwa ndi dzanja, ndipo anyamata ambiri amene akanathera ku mowa wa nsungwi anawawongolera m'holo ya tchalitchi ija. Vuto linali maswichi. Iwo ankati chinsinsicho anawapatsa Mtchaina wina wokalamba pa nthawi yomanga njanji. Akazi awo, Mama Onesmo, ankati Mtchainayo akumukumbukira bwinobwino, anali wophika, ndipo chomwe anawaonetsa amuna awo ndi pogwira bakha kuti asaphiriphithe pomupha. Nkhani ziwirizi zinakhala m'nyumba imodzi zaka makumi anayi osagwirizana.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu ankagweranji. Mukufunsa chifukwa simunayesepo kukana. Ukangoima njo atakukhudza, a Sensei ankabwereza. Ukaimabe ankabwerezanso, molimbikira, mpaka pamalopo patatupa. Kenaka ankakukhazika pansi n'kukufotokozera kwa ola lathunthu kuti mawaya ako anachita dzimbiri chifukwa cha mowa ndi tchipisi cha mazira, ndi kuti agogo ako analinso chimodzimodzi. Pamphepo ya kunoyi, munthu uli ndi tomato woti ugulitse asanafewe, kugwa ndiye kunali kwachidule. Unkagwa, iwo n'kukukhazika tsonga, bondo lawo kumsana kwako, makofi atatu pakati pa mapewa, pha pha pha, basi wayaka. Unkasasa fumbi, kuthokoza, n'kumapita kuntchito zako. Ena tinkagwa chifukwa cha ulemu, ena chifukwa chotopa, ndipo patapita zaka ngakhale eniakefe sitinkasiyanitsanso.

Ovuta anali alendo. Dalaivala wina wa thiraki wa ku Zambia anakhudzidwa pasiteji ya basi akudya chimanga chootcha, n'kungopitiriza kutafuna. A Sensei anadina kachiwiri, kachitatu, thukuta kamukamu, ndipo tonse tinaona kuti tsiku latithera pamenepa. Amayi a tomato anayamba kumunong'oneza mlendoyo kuti igwani achimwene, tonse tipite kwathu. Iye osamva. Mpaka mmodzi anamulonjeza kadengu ka tomato, m'pamene anapatsira mnzake chimanga chija n'kugona pansi mwaulemu. Mbuzi zokha ndi zomwe zinakaniratu, koma a Sensei ankati nyama zili ndi mawaya a mtundu wina.

Lamulo linali limodzi, ndipo ophunzira awo ankalisunga kuposa malamulo khumi aja. Wozimitsidwa samuyatsa wina koma Sensei. Wina akangomugwira, ati amalumikiza mawaya mopingasa, munthu n'kudzuka wachibwibwi kapena wosabereka. Gaudensi Kiswaga, wogulitsa nyama, yemwe anali wophunzira wawo wamkulu, chimunthu choti chikakwera njinga yamoto matayala amadandaula, anazimitsidwa tsiku lina pakati pa msika pofuna kuonetsa alendo ochokera ku Mbeya. Asanamuyatse, wina anaitana a Sensei kuti akaone mita yamagetsi yomwe inkafuka utsi, ndipo kumeneko anawapatsa tiyi ndi mandasi. Gaudensi anagona pakati pa madengu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Ntchentche zinamuyendera, ogula ankamudumpha. Mkazi wake atabwera ndi chakudya, iye anamunong'oneza maso ali chitsinzinire kuti asamukhudze, angopita akayang'anire nyama.

M'tauni monse munthu mmodzi yekha ndi amene sanagwepo, ndipo anali wa m'nyumba momwemo. Dafrosa Mligo, mwana wa mlongo wawo, anakulira pakhomo pa a Sensei mayi ake atamwalira. Tsiku loyamba kumukhudza kunsi kwa khutu, kamtsikanako kanawayang'ana m'maso n'kufunsa ngati kagwe tsopano kapena kadikire kaye kuti kamve kanthu. Iwo ndi amene anamuphunzitsa sukulu mpaka anakhala dokotala pa kachipatala kathu ka kuseri kwa msika. Ankamunyadira koopsa. Koma ankadandaula kuti mwanayo anamutumiza kukaphunzira thupi la munthu zaka zonsezo, n'kubwerako osadziwa ngakhale swichi imodzi, ndiye kusukuluko ankatani?

Chomwe ankafuna kwa iye chinali chidindo. Pamsonkhano wina wa aphunzitsi a karate ku Dar es Salaam, a Sensei anaimirira kufotokoza za maswichi, ndipo anyamata a mumzinda, a malamba akuda onyezimira, anawaseka. Mmodzi anati akadzabwera ndi kalata ya dokotala adzawamvera. Mkuluyo atabwerako anatha masiku atatu osadya bwino. Kenaka anagula kope lachikuto cholimba, kujambulamo munthu wamaliseche, kutsogolo ndi kumbuyo, wodzaza madontho ofiira ngati wadwala chikuku, nkhope yake yofanana ndi ya Gaudensi mochititsa manyazi. Patsamba lomaliza anasiya malo osainapo ndi odindapo. Kopelo anapita nalo kwa Dafrosa Lachiwiri lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Ankaima pamzere ngati wodwala aliyense, poti anali munthu wadongosolo. Dafrosa atatopa kale ndi malungo, zilonda ndi ana otsegula m'mimba, chitseko chikatseguka, balamanthu amalume, kope m'khwapa.

"Amalume, lero mukudwala chiyani?"

"Ndikudwala mwana wosamva. Bwera nacho chigongono."

Ankawapatsa, poti kukana kunkatalikitsa nkhani. Iwo n'kugogoda pafupa paja, chala chaching'ono cha Dafrosa n'kuchita dzanzi.

"Wamva?"

"Ndamva. Umenewo ndi mtsempha, amalume, uli m'mabuku onse. Ngakhale ngodya ya tebulo imaudziwa."

"Ndiye dinda."

"Ndidinde kuti tebulo ndi Sensei?"

Ankapukusa mutu, kunena kuti mayi ake analinso amakani chonchi, n'kutuluka akulonjera odwala mmodzimmodzi. Pageti ankazimitsa mlonda kuti mtima ukhale m'malo.

Chomwe chinkamutopetsa kwambiri Dafrosa n'chakuti ntchito ya amalume ake inkathera patebulo pake. Panali bambo wina wa manja aatali, dzina lake Kasiani, amene anaba nsapato za a Sensei pakhomo pa holo. Atamugwira sanamumenye. Anangomukhudza pamwamba pa mchombo n'kumuuza mofatsa kuti imeneyo ndi swichi ya zaka zitatu, akonze zinthu zake. Kasiani anabweza nsapatozo, kubwezanso zina zomwe sanafunsidwe, kulowa kwaya, ndipo mwezi uliwonse ankabwera kuchipatala kuti adokotala amumvetsere ngati mkatimo mwayamba kuthima. Dafrosa ankamuuza kuti ali bwinobwino, vuto lake ndi njoka zam'mimba basi. Iye ankagwedeza mutu mwachisoni, ati adokotala akumubisira. Zaka zitatu zitakwana Kasiani ali gwa, wonenepa kuposa kale, Dafrosa anaganiza kuti tsopano wawapeza amalume. Iwo anati anamumvera chisoni poona kuti walapa, ndiye anamuyatsa mwakachetechete kutchalitchi pa nthawi yopatsana mtendere. Dafrosa anangogoneka mutu patebulo.

Zonsezi zikanangokhala zoseketsa pakanapanda makina oyezera BP. Lachiwiri lina Dafrosa anawanyengerera kuti akufuna kuona mphamvu ya mawaya awo, n'kuwamanga lamba uja pamkono. Nambala yomwe inatuluka inali yoti dokotala amayamba wayesa makinawo pa munthu wina kuti aone ngati makinawo sanafe. Sanafe. Nambala yomweyo ndi imene inagwetsa mayi ake a Dafrosa m'munda wa mbatata, pakamwa n'kupotoka, masiku anayi n'kupita. Dafrosa anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankakumbukira zonse. Anatenga mapiritsi n'kuika m'manja mwa amalume ake. Iwo anawabweza patebulo ngati awapatsa zitosi. Ati m'mawa uliwonse amadina swichi ya padzanja kasanu ndi kawiri, magazi n'kukhazikika. Mapiritsi ndi a anthu osadziwa nyumba yawo.

Dafrosa anachonderera. Anakalipa. Anatuma ansembe, ansembewo n'kubwerako ndi fumbi pamkanjo. Anauza Mama Onesmo kuti azisinjira mapiritsi m'phala, koma mkuluyo analawa kamodzi kokha n'kupatsa galu. Galuyo anagona tsiku lonse, a Sensei n'kumauza anthu kuti amuzimitsa ndi maso.

Pomaliza anabwera ndi ganizo lawo.

"Iwe sukhulupirira mankhwala anga, ine sindikhulupirira ako. Dinda anga, ndimeza ako. Tsiku lililonse mpaka kufa."

"Chidindochi ndi chimene anthu amakhulupirira ndikawalembera kuti mwana wawo ali ndi chifuwa chachikulu, amalume. Ndikachiika pa munthu wanu wachikuku uja, mawa ndidzawauza chiyani?"

"Ndiye aliyense akhale ndi zake."

Anakhaladi ndi zawo, zaka zinayi. Dafrosa ankaona mitsempha ya pachipumi pa amalume ake ikutupa akamakuwa m'holo, mtima n'kumamuwawa. Ankawakonda kuposa munthu wina aliyense, ndipo panalibenso munthu amene ankamutopetsa ngati iwo. Foni ikalira kuchokera kunyumba ankadziwiratu kuti ndi uthenga wa zovuta uja, ndipo ukakhala wina ankayamba wakhala pansi.

Chaka chatha, m'nyengo yozizira, Mama Onesmo anafika kuchipatala osaima pamzere. Ati m'mawa kapu inawapulumuka amuna awo, dzanja n'kukhala lende kwa kanthawi, mawu osamveka. Atatsitsimuka anati ndi fyuzi chabe, aibwezeretsa kale. Mayiwo sanalire, sanapemphe. Anangoti, "Mwana wanga, inki ndi yopepuka kuposa bokosi," n'kumapita.

Dafrosa anatenga kope lija masiku atatu. Anayenda nalo dontho ndi dontho, kufuna limodzi loti angalidinde osachita manyazi. Ambiri anali pamafuta chabe. Ena anali pamalo poti ukamenya aliyense amamva kuwawa, ngakhale womenyayo asanaonepo Mtchaina. Koma dontho la nambala 17, pambali pa khosi kunsi kwa nsagwada, linali pamalo enieni. Pamenepo pamadutsa mtsempha waukulu wopita kumutu, ndipo dokotala aliyense amadziwa kuti ukadinapo mtima ukhoza kuchedwa, munthu n'kukomoka. Anasangalala, mwana wa anthu. Anati apa ndinena zoona, amalume ameza mapiritsi, palibe wanama. Analemba kalata yaifupi: kuti za madontho enawo iye alibe umboni uliwonse, koma kudina pa dontho la 17 kungakomole munthu ndithu, makamaka wachikulire kapena wa BP, ndipo n'koopsa, kungaphe, munthu asayesere. Anasaina, kupumira mpweya pachidindo, dii.

A Sensei anawerenga kalatayo kawiri. Mzere woyamba uja maso awo anaudumpha ngati chithaphwi. Pa mawu akuti "kungaphe" anaima, n'kuvula magalasi kuti apukute. Kenaka anatambasula dzanja. Dafrosa anawapatsa paketi ya mwezi wonse. Anathyolapo piritsi limodzi, kumeza popanda madzi, nkhope ngati ameza mwala, paketi n'kuika m'thumba la malaya. Tsiku limenelo Dafrosa anadya mpunga mbale ziwiri.

Pofika Lachisanu kalatayo inali paliponse: pometera, pasiteji, pachitseko cha butchala ya Gaudensi. Ina a Sensei anaitumiza ku Dar es Salaam kwa anyamata aja, omwe mwina anali ataiwala kale kuti kunja kuno kuli munthu wotchedwa Nyagawa. Kenaka analengeza chionetsero chachikulu m'holo, Loweruka la sabata yotsatira masana. Dafrosa atamva anathamangira kwawo kukawakumbutsa mawu akuti munthu asayesere. Iwo anamutsimikizira kuti angokhudza pang'ono monga mwa masiku onse. Loweruka limenelo iye anali pantchito, ndipo anadzitonthoza kuti zaka zonsezi amalume sanapwetekepo munthu kupitirira kutupa.

Zomwe zinachitika m'holomo anazimva pambuyo pake kwa anthu ambiri, ndipo chodabwitsa, kwa anthu a kuno, onse ankanena zofanana.

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. A Sensei anavala zoyera zositidwa bwino, kuwerenga kalata mokweza, mzere woyamba n'kuutsokomolera. Anthu anaomba m'manja. Kenaka anaitana woti abwere kutsogolo adzazimitsidwe pa 17. Anthu omwewo amene ankagwa pamsika tsiku ndi tsiku anayamba kuyang'ana kudenga. Amayi anakokera zitenje m'khosi. Akatekisiti anakumbukira kuti asiya madzi pamoto. A Sensei anatembenukira kwa ophunzira awo makumi awiri, onse n'kuzyolika.

"Gaudensi, bwera."

"Sensei, ndili ndi chithupsa pakhosi."

"Mbali inayo."

"Nakonso chikubwera."

Anthu anaseka. A Sensei sanaseke.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikukuzimitsa pamenepo, iwe. Lero chavuta n'chiyani?"

Gaudensi, munthu wosatha kunama mpaka kumapeto, anakanda mutu.

"Nthawi imeneyo panalibe chidindo, Sensei."

Akuti mkuluyo anaima nthawi yaitali akuyang'ana nkhope imodziimodzi, anthu onse amene anawagwerapo. Sanakalipe. Anapinda kalata bwinobwino, kuilowetsa m'lamba, n'kunena kuti chabwino, mphunzitsi sapempha chomwe mwini wake sangachite. Anaika zala pakhosi pawo, pomwe kope linanena, pomwe Dafrosa anavomereza, n'kudina ndi mphamvu ya munthu amene ankathyola njerwa. Anadina osasiya. Anagwa mosiyana ndi mmene ife tinkagwera, osayang'ana kaye pogwera, osateteza mutu.

Anthu anaomba m'manja moti fumbi linagwa kudenga. Kenaka ophunzira anagwada mumzere, manja pamaondo, kudikira. Apa m'pamene mutu wa Dafrosa umaima mpaka lero. Amuna makumi awiri, ena a ana akuluakulu, mmodzi mwa iwo galimoto yake ili panja pomwepo. Wozimitsidwa samuyatsa wina koma Sensei, ndipo Sensei ndi amene anali pansi. Woonerera wina atayandikira anamubweza. Ankati adziyatsa okha, chimenechi ndiye chimake cha chionetsero. Mkonono utayamba anauzana kuti mwamva, akubwerera. Linatha pafupifupi ola. Mayi wina wogulitsa mtedza pakhomo ndi amene anasuzumira, kuona nkhope, n'kusiya lichero lake kuthamangira kuchipatala.

Dafrosa anafika pa njinga yamoto, gauni loyera lili pathupi. Gaudensi anaimirira kumutchingira, misozi ili mbwembwembwe, akungoti lamulo, adokotala, lamulo.

"Gaudensi," anatero Dafrosa motsitsa mawu, "ine ndi amene ndinalemba kalata ija. Ndikudziwa pomwe pali 17. Choka."

Chimunthu chija chinapatuka. Dafrosa atawatembenuza amalume ake anaona pakamwa paja, ngati pa mayi ake, popotokera mbali imodzi.

A Sensei anakhala masiku asanu kuchipatala chachikulu. Mbali yonse ya kumanja inali itafa, chala chotchuka chija chili lende pabulangete. Madokotala a kumeneko anati mtsempha wa pakhosi unali utadzaza kale mafuta, kudinako kunangothothola kachidutswa n'kukatseka kumutu, ndipo akanafika msanga, mwina. Dafrosa sanafune kumva za mwina. Ankakhala pambali pa bedi kuwapukuta dovu osalankhula, chifukwa akatsegula pakamwa pankafuna kutuluka mawu oti sungauze wodwala.

Tsiku lachinayi masana mawu anabwererako pang'ono, olemera ngati a munthu amene ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Anamukoka ndi dzanja lamanzere.

"Yagwira?"

Dafrosa anafuna kunena kuti chagwira ndi BP, ndi ukalamba, ndi uchitsiru wa amuna makumi awiri. Koma anali asanawanamizepo, ndipo zoona zake ankazidziwa.

"Yagwira, amalume."

Mbali yamoyo ya nkhope inamwetulira.

"Imodzi," anatero. "Bola imodzi."

Anapuma, kenaka n'kupitiriza pang'onopang'ono, Dafrosa akutola mawu limodzilimodzi. Ati kodi iye ankaganiza kuti sankadziwa? Munthu wa magetsi amasiyanitsa nyale yothima ndi nyale yophimbidwa ndi nsalu. Ankaona anthu akusankha pouma asanagwe. Ankaona Gaudensi akuvula wotchi. Poyamba zinkawapweteka, kenaka anazolowera, poti tauni yonse kumakugwera n'chikondi ndithu, ngakhale chili chikondi chochitira mwana. Koma ankafuna kuti asanafe adziwe ngati Mtchaina uja anawapatsa kanthu kapena anangowaseweretsa. N'chifukwa chake ankavutitsa iye yekha, poti iye yekha ndi amene sakanawagwera.

"Ndiye munasankha ine kuti ndikupheni?"

"Ndinakutumiza kusukulu kuti usamaname," anatero. "Wakhoza."

Anamwalira m'mawa mwake, Mama Onesmo akuwapaka mafuta kumapazi.

Maliro anali aakulu. Ophunzira ananyamula bokosi atavala zoyera, ndipo kumanda Gaudensi anakomoka zenizeni, anthu n'kumusiya pomwepo mphindi zingapo mwachizolowezi, mpaka mkazi wake anabwera ndi chidebe cha madzi.

Tsopano Makambako yonse yaima chilili. Palibe amene akugwanso. Zovala zathu zikuyera, n'zoona, tomato akugulitsidwa pa nthawi yake, koma tsiku likutalika. M'holo Gaudensi akuphunzitsabe ana nkhonya ndi mateche, za maswichi satchula. Anthu akakumana pamphambano ya kumsika amapatsana moni n'kuima pang'ono ngati pali chomwe aiwala, kenaka n'kumapita. Palibe amene amamunena Dafrosa. Bola akanamunena. M'malo mwake amamupatsa ulemu wamantha, ndipo akatambasula dzanja kuti aone chotupa cha pakhosi, wodwala amabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

Iye amangoganiza chinthu chimodzi, pochapa, poyenda, polemba mankhwala. Akanadinda kope lonse lija, munthu wachikuku ndi madontho ake onse, anthu akanaseka, akanadziwa kuti nayenso wangowagwera amalume ake mwa njira yake, n'kupitiriza kugwa monga kale. Chomwe chinawaopsa n'chakuti kalatayo inkamveka ngati Dafrosa, ndipo Dafrosa sanama. Zaka khumi ndi chimodzi anakana kudinda bodza, ndipo mzere umodzi woona umene anaudinda ndi umene unawatengera kumanda.

Atatha masiku makumi anayi a maliro, Mama Onesmo anafika kuchipatala, ulendo uno ataima pamzere. Anakhala pampando, kumasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa paketi ya mapiritsi. Ati aipeza m'thumba la malaya pogawa zovala, ndipo mankhwala satayidwa, apatse wina. Dafrosa anaitembenuza. Mabowo khumi ndi awiri anali otsegula, mondondozana, osadumpha ngakhale limodzi.

"Ankamwa?"

"M'mawa uliwonse, ine osawakumbutsa. Ngakhale Loweruka lija, anayamba amwa asanavale zoyera. Ankati mwana wasunga mbali yake, ine ndisamuchititse manyazi."

Dafrosa anagwira paketiyo ndi manja awiri. Panja mwana ankalira, wina akutsokomola, mzere utafika kale kumpanda. Anatsegula pakamwa kuti aitane wotsatira, mawu osatuluka. Anayesanso. Mama Onesmo anamuyang'ana, kumanganso chitenje chawo, kupita pachitseko, n'kuuza a pamzere kuti ayambe adikira, adokotala ali pamaliro.